Matope a pansi pa nyanja ndi mbiri ya ayisi yemwe anasungunuka kalekale

Amayi ndi abambo, aphunzitsi, ndi inu ana asukulu amene mwakhala kumbuyoko, zikomo pobwera ngakhale kunjaku kuli kachisanu ka Mzuzu.

Ku Antarctica madzi oundana, ayisi, amaunjikana pamtunda mpaka kukhuthala makilomita angapo, kenako amatsetsereka pang'onopang'ono kulowera kunyanja. Akafika pakuya amanyamuka n'kuyamba kuyandama, koma osaduka ku mnzake wa pamtunda. Chigawo choyandamachi akatswiri amachitcha ice shelf. Chachikulu kwambiri, cha Ross, kukula kwake ndi Malawi yense kanayi. Vuto lili apa: chinthu choyandama sichisiya phazi. Chikasungunuka, madzi amatsekera pamalopo. Choncho wofufuza amayang'ana pomwe ayisiyo anagunda pansi, ndiponso zomwe zikusowa m'matope.

Pansi pa nyanja ya Arctic, kumpoto kwenikweni kwa dziko lapansi, pali mtandadza wa mapiri wotchedwa Lomonosov. Sitima imaujambula ndi makina a multibeam sonar, omwe amaponya phokoso pansi n'kuwerenga nthawi yomwe latenga kuti libwerere. M'madzi a m'nyanja phokoso limathamanga pafupifupi mamita 1,500 pa sekondi, koma liwiroli limasintha ndi kuzizira kwa madzi komanso mchere. Mukapanda kuliyeza pamalopo, pansi posalala pamaoneka popindika m'mphepete mwa mapu, ndipo munthu angaone phiri pomwe palibe.

Mapu abwino aonetsa kuti nsonga za mapiriwa zinasengedwa, ndipo pali mizere yokandika pakuya pafupifupi mamita 1,000. Pa magawo 10 a ayisi woyandama, pafupifupi 9 amakhala m'madzi. Ngakhale mutachotsera mamita 100 kapena kuposerapo, poti m'nyengo ya ayisi wochuluka nyanja inali yotsika, ayisi wokanda pamenepo anali wokhuthala pafupifupi kilomita yathunthu. A Martin Jakobsson a ku yunivesite ya Stockholm ndi anzawo, atayenda ndi sitima ya Oden mu 2014, analemba mu 2016 kuti ayisi wotere anaphimba pakati pa Arctic zaka pafupifupi 140,000 zapitazo.

Koma si mzere uliwonse womwe uli umboni. Chibenthu cha ayisi chomwe chaduka n'kumatengeka chokha chimakandanso pansi, koma mzere wake umakhotakhota motsata mphepo ndi kayendedwe ka madzi, n'kudutsana ndi ina. Ayisi wamkulu wogwirana amasiya mizere yowongoka, yambiri, yoloza kumodzi kwa makilomita ambiri, ngati munda wolimidwa ndi pulawo ya ng'ombe. Tsono kuti anaphimba nyanja yonse ya Arctic kapena mbali zake zokha, akatswiri akutsutsanabe, chifukwa matope a malo ena akusonyeza kuti tizamoyo tofuna kuwala sitinatheretu.

Pomwe ayisi amayambira kuyandama palinso chizindikiro china. Madzi a m'nyanja amakwera ndi kutsika kawiri pa tsiku, ndipo ayisi amanyamuka n'kuteranso, kufinya matope kukhala kamtumbira. Ku Larsen Inlet, m'mphepete mwa Antarctica, timitumbira totere tatalikirana mamita 20 mpaka 25, zomwe zikusonyeza kuti kumapeto kwa nyengo ya ayisi yomaliza malirewo ankabwerera mamita 40 mpaka 50 pa tsiku.

Umboni wonena zambiri, m'kuona kwanga, ndi matope. Ofufuza amatsitsa pansi pa nyanja paipi yachitsulo ya mamita 3 mpaka 6, yokhala ndi paipi yapulasitiki m'kati, chitsulo cholemera pamwamba, ndi timano pakamwa toletsa matope kutuluka. Ikakwezedwa amadula yapulasitikiyo m'zidutswa za mita kapena mita ndi theka, kulemba kumwamba ndi kunsi nthawi yomweyo, kusunga pa madigiri 4, kenako kuing'amba m'litali ndi kuijambula ndi X-ray. Zolakwika n'zodziwika. Mwala umodzi ukatseka pakamwa, paipi imabwera yopanda kanthu. Ikatsika mothamanga, madzi omwe ikukankha amauluza matope ofewa apamwamba, ndiye zaka zaposachedwa zatayika. Chidutswa chosalembedwa chikatembenuzidwa, mbiri imawerengedwa mozondoka.

Powerenga mumayambira pansi. Dothi lolimba losakanikirana ndi miyala yamisinkhu yonse likutanthauza kuti ayisi anali wokhazikika pansi. Pamwamba pake pakabwera matope osalala a timizere topyapyala, opanda miyala ndiponso opanda zigoba za ndere zotchedwa diatom, ndiye kuti pamwamba panali ayisi woyandama: miyala inagwa kale pafupi ndi malire, ndipo mumdima ndere sizimera. Miyala ikayambanso kuoneka apa ndi apo m'matope osalala, m'mphepete momwe zibenthu zimadukira munali pafupi. Matope obiriwira odzaza ndi diatom ndi nyanja yotseguka.

Chigawo choyandama cha Larsen B, ku Antarctica, chitasweka mu 2002, malo okwana masikweya kilomita 3,250 m'milungu yochepa, matope a pamalopo anasonyeza kuti chinakhalapo zaka pafupifupi 10,000 osachoka. Pomwe chigawo cha Prince Gustav, chakumpoto kwake, chinachokapo kale zaka zikwi zingapo zapitazo n'kubwereranso. Ndipo mu 2006 ndi 2007 ntchito yofufuza yotchedwa ANDRILL inabowola mamita 1,285 pansi pa ayisi woyandama wa McMurdo, ku Antarctica komweko, n'kupeza dothi la ayisi ndi matope a diatom zikusinthana maulendo oposa 30.

Amayi apo afunsa kuti zaka timazidziwa bwanji. Funso labwino, mayi, ndipo apa ndi pomwe ntchitoyi imatsimphina. Njira ya carbon-14, yoyeza zaka pogwiritsa ntchito kaboni wa m'zotsalira za zamoyo, imalekera pa zaka pafupifupi 50,000, choncho za ku Lomonosov zimadalira kufananiza magawo a matope a malo osiyanasiyana. Ku Antarctica madzi okwera kuchokera pansi ndi akale, moti kachigoba ka nyama yafa dzulo kamapimidwa ngati ka zaka zoposa 1,000, ndipo muyenera kuchotsera. Ayisi amaperanso miyala yakale n'kusakaniza kaboni wake m'matope, zomwe zimakalambitsa zotsatira ndi zaka zikwi. N'chifukwa chake amasankha ndi kabulashi, pansi pa maikulosikopu, tizigoba tokhatokha ta tizamoyo ting'onoting'ono ta m'nyanja totchedwa foraminifera. Koma pansi pa ayisi woyandama timapezeka tochepa zedi.

Abambo awo akuti zikutikhudza bwanji ife a kumtunda. Ayisi woyandama akasungunuka sakweza nyanja kwenikweni, koma ndiye amatchinga wa pamtunda. Larsen B itachoka, ayisi wina wa kumbuyo kwake anayamba kuthamanga mpaka kasanu ndi katatu, ndipo ameneyo ndiye amawonjezera madzi mpaka ku Beira ndi Nacala komwe katundu wathu amadzera.

Komanso miyalayi si yachilendo kwathu kuno. Zaka pafupifupi 300 miliyoni zapitazo kum'mwera kwa Africa kunali pansi pa ayisi, ndipo miyala ya Dwyka ku South Africa ili ndi mikwingwirima ndi miyala yogwera m'matope. Imeneyi ndi maziko a miyala ya Karoo, gulu lomwelo lomwe limatipatsa malasha ku Mchenga m'boma la Rumphi. Mukapeza mwala waukulu utapinda timizere ta matope pansi pake, dziwani kuti mwina unagwa kuchokera ku ayisi woyandama. Koma mwalawo paokha sungakuuzeni ngati chinali chigawo chogwirana ndi mtunda kapena chibenthu chongodutsa. Muyenera kuona magawo a pansi ndi pamwamba pake.