Musanagule webcam, yang'anani kumene kuli zenera

(Wolankhula wakhala kutsogolo kwa laputopu, zenera lili kumbuyo kwake, nkhope sikuoneka bwino.)

Moni nonse, a ku Ulónguè, a ku Furancungo, a ku Moatize, ndi inu a mumzinda wa Tete amene mukuonera kanemayu thukuta lili kamukamu. Funso limene likubwera kawirikawiri ndi ili: andiitana ku intavyu ya ntchito pa Zoom kapena pa Teams, koma nkhope yanga ikuoneka mbuu, ndigule kamera yanji? Yankho langa mwina silisangalatsa ogulitsa. Ambiri mwa inu simukufunika kamera yatsopano ayi.

Taonani.

(Atembenuza tebulo, ayang'ana kuzenera. Nkhope yawala.)

Kamera ndi yomweyo, laputopu ndi yomweyo. Chasintha n'chiyani? M'kati mwa webcam, ndiye kuti kamera ya pakompyuta, muli kadiso kolandira kuwala, kochepa ngati njere ya mapira. Zenera likakhala kumbuyo kwanu, kamera imayeza kuwala kwa zeneralo n'kudzichepetsera, ndiye inu mumasanduka chithunzithunzi chakuda. Kwa ife a khungu lakuda vutoli limakula kwambiri. Chipinda chikakhalanso chamdima, kamera imadzikakamiza, chithunzi chimadzaza timadontho tothwanima, ndipo makamera ambiri amatsika kuchoka pa zithunzi 30 pa sekondi kufika pa 15 kuti kadiso kaja kapeze nthawi yokwanira. N'chifukwa chake dzanja lanu limaoneka ngati likukoka utsi mukaligwedeza. Masana yang'anani kuzenera. Usiku ikani nyali kutsogolo, pamwamba pang'ono pa maso, osati babu ya padenga yokha imene imasiya mithunzi m'maso.

Ngati mukuona mizere ikuyenda pachithunzi, kamera sinafe. Magetsi a EDM ndi a 50 Hz, pamene makamera ena amabwera atakonzedwera ku America kumene magetsi ndi a 60 Hz. Lowani mu pulogalamu ya kamera, sankhani 50, mizere ija ithe.

Tsopano manambala a pakatoni. 720p ndi madontho 1280 chopingasa ndi 720 choimirira. 1080p ndi 1920 ndi 1080. 4K ndi 3840 ndi 2160. Nambala yaikulu imakopa, koma madontho onsewo ayenera kudutsa pa netiweki kuti akafike kwa amene mukulankhula naye, ndipo apa ndi pamene pagona nkhani. A Zoom eni ake amati anthu awiri akamaimbirana pa 720p pamafunika ma megabit pafupifupi 1.2 pa sekondi potumiza, ndi ena otero polandira. Tiwerengetse limodzi. Mega imodzi ya bandulo ndi ma megabit 8, ndiye pa ola limodzi amenewo ndi ma mega 540 otuluka, ena 540 olowa. Giga yathunthu yapita, ndi kapamwamba. Kaya mumagula kwa Movitel, Vodacom kapena Tmcel, muziyamba mwaganiza zimenezi musanalote za 4K. Komanso netiweki ikafooka, pulogalamu imachepetsa yokha chithunzi chanu osakufunsani, moti kamera yodula ija imatumiza chithunzi chofanana ndi cha yotchipa.

Chinanso chimene ambiri sadziwa: liwiro lotsitsira mavidiyo ndi lina, lotumizira ndi lina. Mukhoza kuonera YouTube bwinobwino koma inu n'kumaduka poimba. Yezani liwiro pa pulogalamu ya Speedtest, ndipo muyang'ane nambala ya upload, ndiye liwiro lotumizira lija. Ikakhala yochepa, sendezani foni imene ikugawa intaneti pafupi ndi zenera, ndipo ana ayambe asiya kaye TikTok.

Mawu ndiye ofunika kuposa nkhope. Bwana amapirira chithunzi chosaoneka bwino, koma sangapirire kumangoti "bwerezaninso" ola lonse. Maikolofoni ya mu webcam ili kutali ndi pakamwa, ndiye imatola zonse, fani ya ku Tete, mvula ya ku Angónia pamalata, tambala wa aneba. Mahedifoni a waya amene munagulira limodzi ndi foni amaposa pamenepo, chifukwa kamaikolofoni kake kamalendewera pachibwano.

(Aonetsa foni ndi waya wa USB.)

Kamera yabwino kwambiri m'nyumba mwanu mwina ili m'thumba. Kamera yakumbuyo ya foni imaposa ya malaputopu ambiri. Pali mapulogalamu ngati DroidCam ndi Iriun: mumaika pafoni ndi pakompyuta, n'kulumikiza ndi waya, foni ija yasanduka webcam. Mafoni ena a Android 14 amachita zimenezi okha, ndipo iPhone imatero ndi makompyuta a Mac kuyambira 2022. Chenjezo limodzi kwa a m'chigwa cha Zambezi: mu Okutobala ndi Novembala kutentha kukadutsa madigiri 40, foni yojambula uku ikutchaja imatentha mpaka kudzizimitsa kamera. Ivuleni kava, ikhale pamthunzi.

Ngati mwatsimikizabe kugula, mwina chifukwa kompyuta yanu ndi ya patebulo yopanda kamera, 720p kapena 1080p yakwana. Logitech C270 ndi ya 720p, ndipo C920, imene inatuluka mu 2012, anthu akuigwiritsabe ntchito mpaka lero. Zopanda dzina zolembedwa 4K pamtengo wa mandasi muzizikayikira. Muuzeni wogulitsa ailumikize pomwepo muone nokha musanatumize ndalama pa M-Pesa kapena e-Mola. Mukamaliza kuimba, tsekani diso la kamera ndi kachivindikiro kapena katepi.

Pena ndimaseka ndikakumbukira kuti webcam yoyamba, ku yunivesite ya Cambridge mu 1991, inkangoloza pa mphika wa khofi, kuti anthu asamavutike kuyenda n'kukapeza khofi atatha.

Chatsala ndi poimika foni, kuti ikhale molingana ndi maso, osati pansi kumajambula mphuno. Ena mwafunsa ngati mungapange choimikira ndi printa ya 3D. N'zotheka. Makinawa amasungunula ulusi wa pulasitiki pa madigiri pafupifupi 200, n'kumauyala m'mizere yopyapyala ya mamilimita 0.2, mzere pamwamba pa unzake, mpaka chinthu chitaumbika. Kachoimikira kakang'ono kamatenga maola, ndipo mayunitsi a magetsi a Credelec akakutherani pakati, nthawi zambiri mumayambiranso. Pulasitiki yofala ya PLA imayamba kufewa pa madigiri pafupifupi 60, moti mukaiiwala m'galimoto yotseka padzuwa la ku Moatize mukaipeza itapindika. Pulasitiki ina yotchedwa PETG imapirira mpaka cha m'ma 80, ndiye kuno sankhani imeneyo. Koma kugula makina onsewo chifukwa cha choimikira chimodzi, ine ayi. Kalipentala wa pamsika akucheka kathabwa, akuboola mpata wolowetsa foni, mwatenga lero lomwe. Printayo tidzaitsegula m'kanema wotsatira, tione zinthu zimene imapanga zoti kalipentala sangathe.