Mwaboola Paipi ya Madzi Otenthetsa Nyumba? Msomaliwo Musauzule

[Chithunzi: thabwa la pansi lazulidwa, mapaipi awiri a kopa akuoneka.]

Moni abale anga, makamaka inu amene mukukhala kuno ku UK. Kwathu madzi timachita kuwaona, ali pa mpope, ali mu ndowa. Kuno amayenda mobisala pansi pa matabwa amene timapondawa, kuchoka ku boiler, makina otenthetsa madzi, kupita ku ma radiator, zitsulo zofunditsa zipinda. Ine ndinazidziwira m'nyengo yozizira. Thabwa lina m'chipinda cha ana linkalira tikapondapo, ndiye ndinakhomapo msomali umodzi basi. Pasanapite nthawi, banga linatulukira pa siling'i ya pabalaza, likukula ndikuyang'ana.

Zikakuchitikirani, dzanja limathamangira kuzula msomali. Chonde musauzule. Msomaliwo ndi umene watseka bowo. Uli momwemo madzi amangodontha, mukauchotsa amachita kuthovoka.

Musanagwire chilichonse, nunkhizani. Mapaipi a gasi m'nyumba zambiri nawonso ndi a kopa, ndipo ndi maso simungawasiyanitse msanga. Mukamva fungo la gasi, kapena kamluzu popanda dontho la madzi, tsegulani mawindo, musayatse kapena kuzimitsa getsi, tsekani gasi pa mita, tulukani, muimbe 0800 111 999, nambala ya ngozi za gasi ku England, Scotland ndi Wales. Imeneyo si ntchito yanu kapena yanga, ndi ya munthu wolembetsedwa ku Gas Safe, kaundula wa amisiri ololedwa kugwira ntchito za gasi. Ndipo ngati madzi akudonthera pafupi ndi mawaya kapena babu, zimitsani magetsi pa bokosi lalikulu.

Ngati ndi madzi, zimitsani boiler, mudikire azizire, chifukwa amaotcha.

[Chithunzi: kawotchi ka presha pa boiler.]

Apa ndi pamene ambiri amasokonezeka. Amathamanga kukatseka stopcock, mpope wotsekera madzi olowa m'nyumba, pansi pa sinki, n'kudabwa kuti kudontha sikukusiya. Ngati muli ndi combi boiler, ya kawotchi aka, madzi a ma radiator ndi otsekeredwa paokha, amangozungulira omwewo. Kutseka stopcock sikuwakhudza, ayenera kukhetsedwa. Koma ngati nyumba yanu ndi yakale, ya kathanki kakang'ono kudenga, pamenepo tsekanidi, apo ayi kathankiko kazingodzadza inu mukukhetsa, mpaka kucha.

Fufuzani radiator ya pansi imene ili ndi kampope kokhetsera, amati drain cock. Lowetsanipo hosipaipi, mumange bwino, mbali inayo mutulutse panja. Tsegulani ndi sipanala pang'onopang'ono. Kenako kwerani m'mwamba ndi kakiyi ka radiator, mutsegule potulukira mpweya kuti madzi atsike. Yalani matawulo akale. Madzi ake ndi akuda bii, ngati otsukira mphika wa pamoto wa nkhuni, chifukwa cha dzimbiri la mkati mwa ma radiator, ndipo akagwera pa kapeti yoyera mudzalira nawo.

[Chithunzi: zida zili pa thawulo.]

Tsopano zulani thabwa ndi msomali, muone bala. Pisani chala kunsi kwa paipi, chifukwa nthawi zambiri msomali umaboola pamwamba n'kutulukira pansi. Yezaninso kukula kwake. Mapaipi ambiri opita ku ma radiator ndi a 15mm, oyandikira boiler ndi a 22mm, ndipo nyumba zina zili ndi ting'onoting'ono ta 10mm kapena 8mm. Jambulani pa foni musanapite ku sitolo ya zida monga Screwfix, Toolstation kapena B&Q, kuti musayende kawiri.

Pali tepi ya labala yodzimata yokha, palinso kachitsulo komanga ndi mabawuti pamwamba pa bowo. Zimenezi zingakugonetseni usiku umodzi kapena uwiri ngati masitolo atseka. Koma ine sindingakhomere thabwa pamwamba pa chigamba choterocho. Paipi imeneyi imatentha n'kuzizira tsiku lililonse, imafutukuka n'kubwerera, ndipo chigamba chimadzatopa inu mutaiwala kale.

Chokhalitsa ndi kudula pobookapo.

[Chithunzi chapafupi: manja akuzunguliza chodulira pa paipi.]

Aka ndi ka pipe slice ka 15mm. Mumakakanikiza pa paipi, n'kumazunguliza motsatira muvi, mpaka mumve kuti thu. Musagwiritse sowo, imasiya mano amene amang'amba labala ya mkati mwa cholumikizira. Dulani mbali zonse ziwiri za bowo, ikani kabeseni pansi chifukwa madzi otsalira sakanika, kenako pukutani nsonga zonse ndi waya wotsukira mpaka kopa awale. Yendetsani chala. Pakhale see, popanda chokanda.

Vuto la pansi pa matabwa ndi lakuti paipi sisuntha, ndiye cholumikizira wamba chimakana kulowa. Funsani slip coupling kapena repair coupling. Imeneyi imatsetsereka pa paipi imodzi, kenako mumaibweza kuti igwire inayo. Lembani ndi pensulo pamene iyenera kufika mbali zonse, kuti isagwire kwambiri uku n'kungonyambita uko. Ikakhala yongokankha, kankhani mpaka pa mzere wanu. Ikakhala ya manati, lowetsani nati kaye, kenako kamphete kaja amati olive, mangani ndi dzanja, mumalize ndi masipanala awiri, ina yogwira ina yomanga. Osachita kulimbana nayo. Mukapyola muyezo kampheteko kamaphwanyika, n'kuyambanso kudontha. Paipi ikakhala ya pulasitiki, dulani ndi chodulira chake, ndipo musaiwale ka insert kolowetsa kukamwa kwa paipi.

Tsekani drain cock ndi potulukira mpweya ponse. Thirani inhibitor, monga Fernox F1 kapena Sentinel X100, chifukwa mankhwala oteteza dzimbiri apita ndi madzi munakhetsa aja. Ngati ndi combi boiler, tsegulani filling loop, kapaipi kodzazira madzi mu boiler, pang'ono, maso ali pa kawotchi, mpaka muvi ufike pakati pa 1 ndi 1.5 bar madzi ali ozizira. Chotsani mpweya mu radiator iliyonse kuyambira pansi kukwera m'mwamba. Presha itsika, muonjezerenso.

Inu a lendi, auzeni alandilodi tsiku lomwelo, ndi zithunzi zomwe, ngakhale mukuona kuti mungathe kukonza nokha. Ndipo ngati bowo lili pafupi ndi boiler, kapena mkati mwa simenti, itanani pulambala.

[Chithunzi: tishu youma yaikidwa pansi pa cholumikizira.]

Thabwa musalikhome lero. Yatsani boiler, ma radiator atenthe, azizire, tishuyi ili pomwepo. Mawa m'mawa ikapezeka youma ndipo muvi sunatsike, bwezerani thabwa, mutenge cholembera mujambule mizere iwiri pamwamba pake, pomwe mapaipi adutsa, mulembepo kuti PIPE, kuti wobwera pambuyo panu awerenge.