Alamu, mukabwera ku Lisbon mudzadye pa tasca

Alamu, mwaswera bwanji? Ndamva kuti tikiti yatheka, ndiye mukubweradi ku Lisbon kuno. Mumvere uthengawu mpaka kumapeto, chifukwa masana ine ndizidzakhala kuntchito, nkhomaliro muzidzadya nokha, ndipo sindikufuna mudzangokhalira mabisiketi a m'chikwama.

Mu Rua Augusta ndi misewu yoyandikana nayo musadzadyemo. Mudzaona anyamata ataima pakhomo, atanyamula menyu ya zithunzi yolembedwa m'zilankhulo zambirimbiri, akukukodolani. Apatseni moni, mudutse. Mitengo yake ndi ya alendo. Inu mudzakwere tramu (kasitima koyenda mumsewu) nambala 28 pa Martim Moniz, mutsikire ku Graça, kapena mupitirire mpaka ku Campo de Ourique. Chikwama chikhale kutsogolo, chifukwa tramu imeneyo imadzaza ndipo opisa m'matumba amaikonda.

Mukatsika, yang'anani kakhomo kakang'ono kokhala ndi pepala lolemba pamanja lomatidwa pazenera. M'kati mwake matebulo ndi othithikana moti chigongono chanu chimagunda cha mnzanu, patebulo payalidwa pepala m'malo mwa nsalu, pakona TV ikuonetsa za mpira wa Benfica kapena Sporting. Malo otere amawatcha tasca. Mukaona amisiri omanga nyumba, fumbi lili m'nsapato, akudya limodzi ndi agogo a m'deralo, lowani, mwafika. Nthawi zambiri ndi a banja limodzi: mayi ali kukhitchini, bambo akuthamanga ndi mbale.

Nthawi muisamale. Nkhomaliro imayamba cha m'ma 12 koloko, ikamakwana 3 koloko moto azimitsa. Mufike isanakwane 1 koloko, apo ayi mudzaima panja. Chamadzulo ambiri amatsegula cha m'ma 7:30 kapena 8 koloko. Ena Lamulungu satsegula, ndipo mu Ogasiti ena amatseka n'kupita kutchuthi.

Polowa nenani bom dia ngati ndi m'mawa, boa tarde ngati ndi masana, mudikire akuonetseni pokhala. Tsono apa mumvetsetse. Mukangokhala, adzakuikirani buledi, batala, maolivi, mwina ndi katchizi, musanaitanitse kanthu. Kwathu chimene mlendo wamuikira patsogolo ndi chake, koma kuno izi amazitcha couvert ndipo mukadya mulipira. Ngati simukuzifuna, musazikhudze, muuzeni woperekera zakudya azichotse, palibe amene akwiye, ndipo lamulo silimulola kukulipiritsani. Ine buledi sindimubweza, ndimadya, chifukwa msuzi wa kuno ndi wosati n'kuusiya m'mbale.

Poitanitsa musavutike ndi menyu yonse. Funsani prato do dia, chakudya chimene aphika tsikulo. Ndicho chatsopano, chotchipa, komanso chimabwera msanga, ndipo malo ambiri amaphatikiza supu, chakumwa ndi khofi pa mtengo umodzi. Mukaona palembedwa dose ndi meia dose, inu mutenge meia dose, ndiyo theka. Musaope kuti simukhuta, dose yathunthu imakwanira anthu awiri.

Bacalhau mudzailawe ndithu. Ndi nsomba youma yothira mchere wambiri, yochuluka imachokera ku Norway, ndipo amayamba aiviika m'madzi kuti mcherewo uchepe. Poyambira pabwino ndi bacalhau à Brás: nsomba yonyenyanyenya, mbatatesi yodula tizingwe n'kukazinga, anyezi ndi mazira, pamwamba maolivi akuda. Minga mulibe, ndiye mudya mtima uli m'malo. Mukadzapeza sardinhas zootcha, makamaka mu Juni pa chikondwerero cha Santo António cha pa 13, ikani nsombayo pa buledi, mudye ndi manja, buledi amwe mafuta ake, mumalize ndi buledi yemweyo. Koma nsomba zikuluzikulu zina mtengo wake ndi wa pa kilogalamu, ndiye funsani kuti yanuyo ikwana zingati asanaiike pamoto.

Paja inu nyama ya nkhumba simudya. Apa chenjerani, chifukwa kuno nkhumba imabisala paliponse. Supu ya caldo verde imaoneka ya masamba ndi mbatatesi basi, koma amaponyamo kachidutswa ka chouriço, yomwe ndi soseji ya nkhumba. Feijoada ndi cozido nazonso zili ndi nkhumba. Nenani sem porco, kutanthauza popanda nkhumba, poyamba pomwe, ndipo mufunsenso mbale ikafika. Mukakayika, itanitsani nkhuku yootcha, frango assado, mupemphe piri-piri. Chakudya chambiri cha kuno tsabola mulibe, amabweretsa payekha m'kabotolo.

Madzi akakufunsani, sem gás ndi wamba, com gás ndi othetheka aja. A m'botolo ndi ogula, koma a pampopi ndi abwinobwino, mutha kupempha água da torneira. Beseni losambira m'manja sabweretsa patebulo, mukasambe kubafa.

Mukamaliza, musakhale n'kumadandaula kuti akuiwalani. Sabweretsa bilu musanapemphe, amaona ngati kukuthamangitsani. Imwani kakhofi kaja ka m'kakapu kakang'ono, bica, kenako kwezani dzanja munene kuti a conta, por favor. Muione bwino, makamaka mzere wa couvert uja. Muzikhala ndi ndalama za m'manja, mayuro ang'onoang'ono, chifukwa ma tasca ena salandira khadi la kunja. Ya pamwamba yothokozera si yokakamiza, koma akakusamalirani bwino siyani yuro imodzi kapena ziwiri patebulo. Potuluka, pothokoza inu munene obrigado, ife amayi timati obrigada.

Mukadzapukwa nsima, musadzivutitse. Ku Mouraria kuli malo a anthu a ku Mozambique ophika matapa, chigwada chotendera ndi nsinjiro ndi kokonati, ndipo mukafunse ngati xima, ndiyo nsima yawo, ilipo tsikulo. Kumeneko tidzapita limodzi Loweruka. Nditumizireni tsiku ndi nthawi imene ndege yanu ikutera, ndikakuchingamireni.