CMP, CEM ndi CTSM: Satifiketi Iti Ikuyenera Wokonza Misonkhano ku Mangochi?

Moni nonse, takulandirani. Lero tikulankhula nanu amene mumagwira ntchito m'malo ogona alendo a m'mbali mwa nyanja, kuyambira pa boma mpaka ku Monkey Bay.

Mangochi ndi kwawo kwa misonkhano. Akatswiri owerengera ndalama a bungwe la ICAM akhala akuchitira msonkhano wawo wapachaka kunyanja kuno, a zachuma a ECAMA chimodzimodzi. Chikondwerero cha Lake of Stars chinachitikapo kangapo pa Sunbird Nkopola. Alendo amangoona holo yokonzedwa bwino ndi tiyi wofika pa nthawi yake, koma kumbuyoko kuli munthu amene anagawa zipinda, anagwirizana mtengo ndi eni msonkhano, anaonetsetsa kuti jenereta ili ndi mafuta magetsi akathima. Ntchito imeneyi ili ndi masatifiketi ake odziwika m'mayiko ambiri, ndipo ndikufuna muwadziwe.

Tiyambe ndi CMP, kutanthauza Certified Meeting Professional. Imaperekedwa ndi bungwe la Events Industry Council la ku America, ndipo inayamba mu 1985. Mvetserani bwino apa: CMP si kosi yoti munthu wongomaliza Fomu 4 akalembetse. Ndi umboni woti ntchitoyi mumaidziwa kale. Kuti akuloleni kulemba mayeso, muyenera kukhala mutagwira ntchito yokonza misonkhano kwa miyezi 36, kapena miyezi 24 ngati muli ndi digiri yokhudza ntchitoyi. Pamwamba pake mufunika maola 25 a maphunziro owonjezera. Mayeso ake ndi a pa kompyuta, m'Chingerezi, mafunso 165 osankha yankho. Amafunsa za bajeti, makontrakiti, kasankhidwe ka malo, kutsatsa, komanso chochita zinthu zikasokonekera. Mukakhoza, satifiketiyo imakhala zaka zisanu, kenako mumaikonzanso posonyeza kuti simunasiye kuphunzira.

Yachiwiri ndi CEM, Certified in Exhibition Management, ya bungwe la okonza zionetsero la IAEE, yomwe inayamba mu 1975. Iyi ndi ya munthu woyendetsa chionetsero chonse. Taganizirani za chionetsero cha zamalonda chimene bungwe la amalonda la MCCCI limakonza ku Chichiri mu Blantyre: wina ayenera kujambula mapu a bwalo, kugulitsa malo kwa makampani, kukonza chitetezo ndi kuitana anthu kuti adzaone. Wofuna CEM amaphunzira mitu ingapo, uliwonse ndi mayeso ake.

Yachitatu, CTSM, kutanthauza Certified Trade Show Marketer, ndi ya amene ali mbali inayo, wotumidwa ndi kampani yake kukaonetsa katundu pa chionetsero cha eni ake. Imayendetsedwa ndi a magazini ya Exhibitor mogwirizana ndi Northern Illinois University. Palinso CSEP ya okonza zikondwerero, koma imeneyo tidzaikamba payokha.

Ndiye kwa ife kuno iti? Ine ndikuti CMP. Zionetsero zikuluzikulu zimachitikira ku Blantyre ndi ku Lilongwe, pomwe chimene chimadzaza zipinda zathu ndi misonkhano ndi maphunziro a mabungwe. CEM ingakuthandizeni ngati maso anu ali ku Chichiri kapena ku BICC, malo a misonkhano ikuluikulu a ku Lilongwe.

Sindikubisirani, mtengo wake ndi wowawa. Kulembetsa ndi mayeso pamodzi zimafika madola mazana angapo, ndipo mukudziwa mmene ndalama zakunja zikuvutira kupeza. Komanso ku Malawi palibe lamulo lokakamiza wokonza msonkhano kukhala ndi CMP. Phindu lake limaoneka bungwe lakunja likamasankha woti alipatse msonkhano wa anthu ochokera m'mayiko osiyanasiyana: sakukudziwani, sanadyepo chambo chanu, koma zilembo zitatuzo amazidziwa. N'chifukwa chake ndi bwino kukambirana ndi abwana anu kuti kampani ilipireko gawo, poti nawonso apindula.

Chimene chimandikhudza kwambiri ndi ichi. Pali amayi ndi abambo m'mahotela athu amene akonza misonkhano kwa zaka zambiri, odziwa kukhazika anthu 300 popanda chisokonezo, koma pa kalata yawo ya ntchito palembedwa kuti ndi wolandira alendo basi. Tsiku lofuna kulembetsa, miyezi 36 ija adzaitsimikizira bwanji? Choncho yambani lero. Pezani kope, muzilemba msonkhano uliwonse: tsiku, chiwerengero cha anthu, ndi gawo limene inuyo munagwira. Pemphani abwana akulembereni kalata yofotokoza udindo wanu weniweni. Pepala lililonse la maphunziro amene mwachita lisungeni, ndipo musanalipire kosi yoti iwerengedwe pa maola 25 aja, funsani kaye ngati Events Industry Council imaivomereza.

Kwa achinyamata amene simunayambe ntchito, poyambira panu ndi konkuno ku Malawi: Malawi Institute of Tourism, kapena maphunziro a zokopa alendo ku Mzuzu University. Mukalowa ntchito, pemphani kuti azikuikani ku holo ya misonkhano, ngakhale kukhale kuyala matebulo ndi kuyesa maikolofoni.

Mu vidiyo yotsatira tidzatenga mutu umodzi wa mayeso a CMP, wa bajeti, n'kuwerengera limodzi msonkhano wa masiku awiri m'makwacha.