Kamushafuti yatsopano imafera m'mphindi 20 zoyamba

Zikomo, tikhale pansi. Anyamata muli kumbuyoko sunthirani kuno, nkhaniyi ikukhudza inu kuposa akuluakuluwa.

Nonse mwamva za Nissan 1400 ija yaima kuseri kwa msika kuno ku Ulónguè. Mwini wake anamangitsa injini yonse, mapisitoni atsopano, mabering'i atsopano, n'kuitanitsanso kuchokera ku Joni kamushafuti yowonjezera mphamvu, kamu mwachidule, chitsulo chija chotsegula mavavu a injini. Sabata isanathe, injini inayamba kugogoda pamwamba ndi kutsokomolera m'kabureta. Atamasula anapeza lobu imodzi, chotukuka cha pa kamu, itasalala ngati mwala wa mumtsinje, tapeti yake, kachitsulo kamene lobu imakankha, itakumbika pansi ngati kambale. Zitsulo zoperesekazo zinayenda ndi oyilo mpaka m'mabering'i onse. Ndalama za mbatata ya chaka chino zathera pamenepo. Tsopano ena akuti makamu a ku Joni ndi achinyengo, ena akuti alipo anamuchita chipongwe. Ayi abale anga. Kamu ija inafa tsiku loyamba lomwelo, pamene anailiza injini n'kuisiya ikulira pang'onopang'ono, pa ralenti paja, iwo n'kupita kukadya nsima. Kamu yatsopano sitiisiya pa ralenti. Mawu amenewa muwamva kangapo lero.

Kamu, imene m'mabuku achipwitikizi amati árvore de cames, ndi mtengo wachitsulo wokhala ndi malobu, zotukuka zija zonga linunda la ng'ombe. Kiranki ikazungulira kawiri, kamu imazungulira kamodzi. Lobu imakankha tapeti, tapeti ikankha pushirodi, pushirodi ikankha roka, vavu n'kutseguka. Mu injini ngati A14 ya Nissan ija, 4Y ya Toyota, kapena Essex V6 ya Ford zakale, tapeti ilibe gudumu, imangokhuzana ndi lobu chitsulo pa chitsulo. Palibe malo ena mu injini pamene zitsulo zimapanikizana kwambiri pa kadanga kakang'ono ngati pamenepa. Amene muli ndi matapeti a rola, okhala ndi gudumu, vuto lanu ndi lochepa, koma khalanibe mumve.

Posankha, musagule ndi khutu. Mnyamata amamva galimoto ikugunda mwaukali pa vidiyo ya pa foni, basi akufuna yomweyo. Kamu iliyonse imabwera ndi khadi la manambala. Lifiti ikukuuzani kuti vavu itseguka mamilimita angati. Duration ikukuuzani madigiri a kiranki amene vavu imakhala yotsegula. Ya madigiri 260 mpaka 270 imayenda bwino pamsewu. Ya 290 kapena 300 ndi ya mpikisano: mphamvu yake imadzuka injini ikafuula kwambiri, pansi imakhala yofooka. Nanga inu mumayenda kuti? Mumakwera zitunda za ku Tsangano ndi ku Domué mutasenza matumba a mbatata, m'matope, pa giya yoyamba ndi yachiwiri. Kamu yaikulu pamenepo mudzangopsereza kilatchi ndi kumwetsa petulo. Imachepetsanso vakyumu, mphamvu yokoka mpweya ya injini, ndipo pa galimoto ya busita, chida chofewetsa buleki ndi vakyumuyo, buleki imauma. Mukakayika pakati pa ziwiri, tengani yaing'onoyo.

Lifiti ikakwera, yezani zinthu ziwiri musanamange. Ambiri a inu mahedi anu, zivundikiro za injini zokhala ndi mavavu, anametedwa kale kawiri katatu chifukwa chotentha, ndiye vavu yayandikira pisitoni. Matani dongo lofewa pamwamba pa pisitoni, mangani hedi ndi gasiketi, zungulitsani injini ndi dzanja kawiri, masulani, dulani dongolo ndi lumo muyeze. Pasachepere mamilimita 2 ku vavu yolowetsa, 2.5 ku yotulutsa utsi. Chinanso ndi sipuling'i ya vavu. Vavu ikatseguka mpaka pamapeto, sipuling'i isapanikizike yonse, patsale malo a milimita imodzi ndi theka. Ikafika pothera, chimene chimagonja ndi lobu kapena pushirodi.

Tsono apa ndikudzudzuleni pang'ono. Kamu yatsopano imafuna matapeti atsopano, onse. Osati kutola m'chidebe cha pansi pa benchi, kupukuta ndi sanza, n'kumati akadali bwino. Tapeti yakale inazolowerana ndi lobu yake. Pansi pa tapeti yatsopano si pafulati, pali kotukuka pang'ono kosaoneka ndi maso, ndipo lobu nayo inasemedwa mopendekera, kuti tapeti izizungulira pamene ikukwera ndi kutsika. Ikaleka kuzungulira imakhuzika malo amodzi, kudyeka kwayamba. Ikani tapeti iliyonse m'bowo mwake muizungulitse ndi zala. Yothina, yeretsani bowolo kufikira itamasuka. Ndipo mukamasula injini yakale kuti mubwezeretse kamu yomweyo, matapeti muwandandike pa katoni yolembedwa manambala, iliyonse ibwerere pa lobu yake.

Oyilo. Uja wogulitsidwa m'mabotolo a madzi m'mbali mwa msewu, mumudziwa kuti anachokera kuti? Matapeti amenewa amafuna oyilo wokhala ndi zinki, mankhwala ake amatchedwa ZDDP. Akatenthedwa ndi kupanikizika amapanga kachikopa kopyapyala pa chitsulo. Oyilo wa galimoto zamakono anamuchepetsa zinki chifukwa mankhwalawo amawononga katalisiti, choyeretsa utsi cha mu ekizozi. Funani oyilo wa break-in, wozolowetsera injini yatsopano, kapena wa mineral n'kuthiramo kabotolo ka ZDDP. Wa synthetic adikire kaye.

(Bambo wina wachikulire akweza dzanja: "Pepani aphunzitsi. Ife tinakula tikuuzidwa kuti injini yatsopano ndi khanda, siifuna kukalipiridwa. Inu mukuti tiiponde moto itangodzuka. Sitiphwanya mabering'i?")

Funso labwino, bambo, ndipo ambiri muno ali nalo mumtima. Zimene munaphunzirazo ndi zoona pa katundu. Injini yatsopano musaisenzetse matumba, musaikwezetse phiri pa giya yaikulu. Koma kuizungulitsa pa 2000 mpaka 2500 rpm, maulendo amene kiranki imazungulira pa mphindi, galimoto itaima si kuizunza, palibe chimene ikukoka. Mabering'i amalandira oyilo wopopedwa ndi pampu, ndipo pa liwiro limenelo pampu ikupereka bwino. Malobu ndi osiyana. Mu injini za mapushirodi izi, malobu amadalira kwambiri oyilo wowazidwa ndi kiranki ikamazungulira. Pa ralenti, tinene 800 rpm, kamu ikungoyenda 400, kuwaza kwake n'kochepa, koma sipuling'i ikupanikiza chimodzimodzi. Muli ngati munthu wopera pa mphero youma. Girisi amene munapaka pomanga amapukutika mofulumira, ndipo ngati oyilo sanafike kudzalowa m'malo mwake, chitsulo chimang'ambana ndi chinzake. Khungu lolimba la lobu ndi lopyapyala. Likangobooka, za m'kati n'zofewa, ndipo kudyekako sikuima ngakhale muthire oyilo wodula bwanji mawa lake. Liwiro limathandizanso matapeti kuzungulira. Ndiye khandalo lisamaleni pamsewu, bambo, koma pa mphindi 20 zoyambazo musalisiye pa ralenti.

Ndikuona ena mwayamba kuyang'ana kumsewu, chapa, minibasi ija, sikuthawani, tifulumire.

Tsukani kamu, pakani girisi wa moly amene amabwera nayo pa malobu ndi pansi pa matapeti, m'mbali mwa tapeti oyilo wamba basi. Ngati masipuling'i ndi awiriawiri, chotsani am'kati, mudzabwezera mukamaliza. Mpata wa mavavu tsatani khadi la kamu, osati zimene munaloweza. Dzazani fyuluta, popani oyilo mpaka aonekere ku maroka. Taiming'i ikhale yolondola, kabureta ikhale ndi petulo, batire yodzaza, radiyeta yodzaza madzi, chifukwa injini iyenera kulira nthawi yomweyo. Kuliza sitata kambirimbiri kumapukuta girisi uja. Ikakana katatu, lekani, funani chifukwa.

Ikangolira, kwezani mpaka 2000, muzisinthasintha pakati pa 2000 ndi 2500 kwa mphindi 20 mpaka 30. Mukhale awiri, wina pa geji ya oyilo ndi ya kutentha, wina akuyang'ana zodontha ndi mapushirodi ngati akuzungulira. Amene mumagwirira ntchito ku Moatize kapena ku Tete, chitani m'mamawa kusanatenthe, muike fani patsogolo pa radiyeta. Chikavuta chilichonse, zimitsani. Osatsitsa pa ralenti kuti muone kaye, zimitsani, konzani, yambiraninso pa 2000 mumalize mphindi zotsala.

Mukamaliza khuthulani oyilo akadali wotentha, sinthani fyuluta, yakaleyo muidule muione padzuwa. Kafumbi kotuwa pang'ono n'kachibadwa, tizidutswa tonyezimira ayi. Injini ikazizira yezaninso mpata wa mavavu. Vavu imodzi ikamangowonjezera mpata nthawi iliyonse mukayeza, lobu yake ikupita, imitsani galimoto. Oyilo musinthenso pa makilomita 800, ndipo zinki musamusiye. Amene muli ndi kamu m'bokosi kunyumba, bwerani ndi khadi lake kutsogolo kuno tikabalalika, tiwerengere limodzi manambala.