Kukonza makala a supercapacitor kuchokera ku zitsononkho

Eee, mwaswera bwanji achimwene? Uthenga wanu wofunsa za kukonza makala a supercapacitor kuchokera ku zitsononkho ndauona. Ndingolankhula, kulemba kungandichedwetse.

Musanayatse ng'anjo, kumbukirani kuti supercapacitor ndi kachipangizo kosungira magetsi, koma si batire. Mu supercapacitor magetsi amasungika pakhoma la timabowo ta m'makala, pomwe ma ion (tinthu ting'onoting'ono tonyamula magetsi) amakamatirira. Timabowo tikachuluka, posungira pamakulanso. Makala okonzedwa bwino, galamu imodzi yokha imakhala ndi malo opitirira masikweya mita 1,000. Makampani ambiri amagwiritsa ntchito zikamba za kokonati, koma ife zitsononkho zili mbwee, tiyambire pomwepo.

Zitsukeni, ziume gwa, kenako muziwotche pa madigiri 500, mpweya wa nayitirojeni ukuyenda mu ng'anjomo. Mphepo yapanja ikangolowa, mupeza phulusa lokhalokha. Zikazizira perani, musefe, musakanize ndi mankhwala a potassium hydroxide (KOH), magawo atatu a KOH pa gawo limodzi la makala, poyeza pasikelo. Mubwezere mu ng'anjo pa madigiri 800, ola limodzi, nayitirojeni osatseka. KOH ndi amene amadya makalawo n'kuboola timabowo tija. Amadyanso khungu, choncho magolovesi ndi magalasi musavule, ndapota nanu.

Tsopano apa ndi pomwe ndikufuna mumvetsetse, pa kutsuka. Yambani ndi asidi wa HCl wosungunula, kenako madzi a distilled, mobwerezabwereza, mpaka kapepala koyezera pH (mlingo wa asidi) kasonyeze 7, kutanthauza kuti asidi ndi KOH zatha. Zimatopetsa, ndikudziwa. Ine chaka chatha ndinapupuluma, ndinatsuka kawiri kokha. Makala ankaoneka bwinobwino, akuda bii, koma potaziyamu wotsalira kuchokera ku KOH uja anali atatseka timabowo. Ntchito ya sabata yathunthu inangopita padera, mtima unandiwawa kwambiri.

Akauma, sakanizani magawo 80 a makala anu, 10 a carbon black (ufa wakuda wothandiza magetsi kuyenda), ndi 10 a PVDF (chomatira chake) wosungunulidwa mu mankhwala amadzimadzi otchedwa NMP, zikhale ngati phala lamadzimadzi lopanda mibulu. Pakani pa nickel foam (chitsulo cha nickel chooneka ngati siponji) mopyapyala, muumitse usiku wonse pa madigiri 80; imeneyo ndiye electrode yanu. Foam-yo muiyeze musanapake, muiyezenso ikauma, apo ayi simudziwa kulemera kwa makala amene mwapaka ndipo masamu onse asokonekera.

Poyesa, gwiritsani ntchito KOH wosungunula m'madzi pa mlingo wa 6 M (6 molar), ndipo musapyole volti imodzi. Madzi amayamba kugawanika cha pa mavolti 1.23, mukaona tithovu pa electrode dziwani kuti mwapyola. Mukamaliza kutsuka munditumizire chithunzi cha kapepala ka pH kaja musanapitirire.