Amayi odwala khansa azigona kapena aziyenda?

[Chithunzi: m'mawa ku Kapata m'tauni ya Chipata, amayi akupita kumsika]

Muli bwanji abale anga a ku Chipata, Katete, Lundazi, Petauke, ndi nonse amene mukuonera muli kutali? Lero tikambe za amayi athu ndi ambuya athu, makamaka amene akudwala khansa.

Mayi akabwerako ku Cancer Diseases Hospital ku Lusaka, atatopa ndi ulendo wautali uja wa pa Great East Road, banja lonse limanena chimodzi: "Amama, gonani, musagwire kalikonse." Timayala mphasa, timabisa tsache, ndi madzi akumwa omwe timawapatsira pomwepo. Chimenechi ndi chikondi, sindikuchinyoza ayi. Masiku oyamba kupuma n'kofunikadi. Koma kugona kukafika masabata ndi miyezi, minofu imaphwa, miyendo imayamba kunjenjemera, munthu amangokhala ndwii, ndipo kufooka kuja timafuna kuthetsa kumangowonjezereka.

[Pa sikirini: 2025, odwala 889]

Mvetserani izi. Mu 2025, magazini ya madokotala ya New England Journal of Medicine inatulutsa kafukufuku wa anthu 889, amuna ndi akazi, ambiri a ku Canada ndi Australia. Onse anadwala khansa ya m'matumbo aakulu, anachitidwa opaleshoni, n'kumaliza mankhwala olimbana ndi khansa otchedwa chemotherapy. Anawagawa mwa maere m'magulu awiri. Gulu lina linangopatsidwa timabuku ta malangizo a zaumoyo. Gulu lina linapatsidwa mlangizi wowalimbikitsa kuchita zolimbitsa thupi kwa zaka zitatu, ndipo ambiri anasankha chinthu chosalira ndalama: kuyenda ndawala kangapo pa sabata. Patapita zaka 8, mwa anthu 100 alionse a gulu la mlangizi, 90 anali moyo. Ku gulu la timabuku anali 83. Khansa kubwereranso kunachepanso ku gulu la mlangizi.

Kwa ine kafukufukuyu ndi wolemera chifukwa cha maere aja. Palibe anganene kuti oyendawo anali olimba kale.

Nanga okalamba amene sakudwala khansa? Mu 2019, dokotala I-Min Lee wa ku yunivesite ya Harvard ndi anzake anatsata amayi oposa 16,000 a ku America, a zaka pafupifupi 72, atawamangirira kachipangizo kowerenga mapazi m'chiuno. Amene ankaponda mapazi pafupifupi 4,400 patsiku ankamwalira ochepa kusiyana ndi a 2,700, ndipo phindu linkakwerabe mpaka cha ku 7,500. Apa ofufuza ankangoona zochitika, ndiye n'kutheka kuti ena ankayenda pang'ono chifukwa anali odwala kale. Komabe taonani kuti manambalawa si a othamanga m'bwalo la masewero.

Wina anena kuti, "Ambuya anga amalima, amasinja, amatunga madzi kudambo, masewero ena a chiyani?" Mwanena zoona, zonsezo ndi kulimbitsa thupi ndithu. Vuto limayamba tikawatenga kumudzi n'kuwabweretsa m'tauni. Pano pali mpopi, pali chigayo, pali wantchito, kutchalitchi timawakweza njinga kapena takisi. Mayi amene ankayenda kumunda tsiku lililonse tsopano akungokhala pakhonde kudikira nsima. Tawasamala, inde, koma tawalanda miyendo.

Bungwe la zaumoyo padziko lonse, WHO, limati munthu wamkulu aziyendetsa thupi mphindi zosachepera 150 pa sabata, azilimbitsa minofu masiku awiri, ndipo a zaka 65 kupita m'tsogolo awonjezere zowathandiza kuti asamagwe, masiku atatu.

[Chithunzi: ambuya pampando wamatabwa, mdzukulu ali pambali]

Kwa wodwala, yambani pang'ono. Ikani mpando wolimba utatsamira khoma. Ambuya akhale, manja pamaondo, aimirire pang'onopang'ono, akhalenso osadziponya. Kasanu kakwana poyamba. Akamwa tiyi, mdzukulu awagwire dzanja azungulire nyumba mphindi zisanu, sabata yamawa afike pampanda wa anzawo. Liwiro labwino ndi loti akhoza kucheza akuyenda koma sangathe kuimba nyimbo ya kwaya mpaka kumapeto. M'mwezi wa Okutobala ayende kusanatenthe kapena dzuwa litapendeka, botolo la madzi lili m'manja.

Tsopano izi musazilumphe. Kuyenda sikulowa m'malo mwa mankhwala, ndipo tsiku lobwerera kuchipatala lisaphonyedwe chifukwa amama ayamba kupeza bwino. Ngati khansa inafika m'mafupa, ngati anauzidwa kuti magazi ndi ochepa kwambiri, ngati thupi latentha kapena chilonda cha opaleshoni sichinapole, muyambe mwafunsa adokotala. Akamva chizungulire, kupweteka pachifuwa kapena kubanika akuyenda, akhale pansi nthawi yomweyo ndipo mupite nawo kuchipatala.

Mukapita kukaonana ndi adokotala kapena anamwino, kaya ku Chipata Central Hospital kaya ku St Francis ku Katete, funsani mosabisa: "Amayiwa angayende mphindi zingati patsiku, nanga ndi ntchito ziti za pakhomo zimene angayambirenso?" Yankho lawo mulilembe m'kabuku ka kuchipatala komwe, kuti onse a m'banja aliwerenge.